Mfuti inali ya Mzungu, phewa linali lathu

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga, ndipo wina asonkhezere motowo. Lero sindiyamba ndi padangokhala, inunso musayankhe kuti tili tonse, pakuti iyi si nthano ya Kalulu. Ndi nkhani ya anthu amene adapondadi dothi lino, ena mwa iwo magazi athu enieni.

Kusukulu adakuphunzitsani kuti Azungu adalanda dziko lino, ndipo sadakunamizeni. Koma kodi mudafunsapo kuti Azunguwo adalipo angati? Pamene Harry Johnston ankakhazikitsa boma ku Zomba mu 1891, Azungu onse m'dziko muno, kuwerengera amishoni ndi amalonda omwe, sankakwana 100. Anthu ochepa chotero sakadagwetsa okha malinga a Makanjira, Jalasi ndi Mlozi, kapena kubalalitsa ankhondo a Mpezeni. Mfuti inali ya Mzungu, inde, onga ndi zipolopolo zinalinso zake. Koma phewa limene linkasenza mfutiyo, ndi phazi limene linkaponda minga usiku popita kukazinga linga, zinali za anyamata a kuno konkuno.

Mmodzi wa iwo ine ndidawaona ndi maso angawa. Anali mlongo wawo wa agogo anga aakazi, ndipo mudzi wathu wonse kuno ku Nkhotakota unkangowatchula kuti a Kopolo. Mmene ndinkayamba kuzindikira n'kuti atakalamba zedi, mutu uli mbuu, koma msana uli chilili ngati nsichi. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mapazi awo. Anali otambalala, zikang'a zozama moti ife ana tinkati mungabisemo njere ya mpunga. Iwo ankawasisita n'kunena kuti mapazi amenewa adafika kwa Mpezeni n'kubwerako osadziwa nsapato. Patsindwi la nyumba yawo ankasungapo kachitini, m'kachitinimo muli kansanza, m'kansanzamo muli mendulo yakuda ndi utsi. Akatiyitana kuti tiione, ankayamba asamba m'manja.

Nkhaniyi idayambira kumpoto, ku Karonga. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala chifukwa cha magalasi amaso a John Moir, inali ndi sitolo kumeneko kuyambira mu 1884, yogulirapo minyanga ya njovu. Obweretsa minyangayo anali amalonda Achiswahili, aja makolo athu ankangowatcha Aluya, ndipo wamkulu wawo anali Mlozi. Poyamba malonda ankayenda bwino. Koma Mlozi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu adamanga malinga m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, pa njira yopita ku Tanganyika, nayamba kupondereza Ankhonde eni nthaka. Mu 1887 anthu a Mlozi adapanikizira khamu la Ankhonde m'mabango a ku Kambwe n'kuyatsa moto. Wothawa moto adagwa m'manja mwa adani, wothawira m'madzi adakumana ndi ng'ona. Mu November chaka chomwecho adazinga sitolo ya Mandala, mmene munali Monteith Fotheringham ndi Azungu anzake owerengeka, ndipo pakadapanda Anyakyusa amene adabwera mwaunyinji kudzawaombola, bwenzi za Azungu kumpotoko zitathera pomwepo. Mwamva? Kuyambira pachiyambi penipeni, Mzungu adapulumukira pa mkondo wa munthu wakuda.

Boma la ku Britain silidatumize asilikali, poti dziko linali lisanakhale m'manja mwake. Mandala idayenera kudzifunira yokha anthu omenya nkhondo, ndipo ambiri idakawapeza ku Bandawe, pakati pa Atonga.

Mungafunse kuti Atonga adalola bwanji kukafera nkhondo ya eni sitolo. Musawaweruze musanadziwe mmene ankakhalira. Panali patangopita zaka zochepa chipulumukireni m'manja mwa Angoni a M'mbelwa, ndipo ankakhala mothithikana m'malinga m'mphepete mwa nyanja, maso ali kumapiri, osadziwa tsiku limene zishango zidzatulukirenso. Mishoni ya Dotolo Robert Laws itasamukira ku Bandawe mu 1881, mafumu awo adaona kuti ubwenzi ndi Mzungu ungakhale mpanda wawo. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anyamata awo anali atayamba kale kugwira ntchito ya mtengatenga ku Mandala, ena pa sitima ya Ilala, ena mpaka ku Blantyre. Tsono pamene uthenga udafika woti akufuna amuna, adzawapatsa mfuti ndipo adzawalipira nsalu, mnyamata amene adakula akuthawa nthungo sakadaganiza kawiri. Atonga pafupifupi 200 adanyamuka ulendo wa ku Karonga mu 1888, ndipo kumeneko adaphatikana ndi Ayao ndi Amambwe.

Wowatsogolera anali Kaputeni Frederick Lugard, yemwe uja pambuyo pake adakatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria. Mu June 1888 adayenda nawo usiku kuti akagwere linga la Kopakopa m'bandakucha. Koma malinga a Aluya sanali mipanda ya mapesi ayi. Anali a mitengo ikuluikulu yomatidwa ndi dothi, ataliatali, okhala ndi timabowo toponyerapo mfuti, moti wam'kati ankakuona iwe osamuona. Lugard adayesa kukwera khoma, chipolopolo n'kumulasa manja onse awiri, ndipo gulu lonse lidabwerera litanyamula ovulala. Chaka chotsatira adabweretsa mzinga, koma nawonso sudathe kugwetsa malingawo. Lugard adachoka mu 1889, ndipo mu October chaka chomwecho Johnston adapangana mtendere ndi Mlozi. Atonga adabwerera kwawo ndi nsalu zawo, ndi zipsera zawo, komanso ndi chinthu china chatsopano: anali ataphunzira kufola, kumvera lipenga ndi kuombera pamodzi.

Johnston atayamba kulamula dziko mu 1891, poyamba sadakhulupirire kwenikweni anthu a kuno. Adaitanitsa Amwenye pafupifupi 70 kuchokera ku India, ambiri mwa iwo Asiki ovala nduwira, motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire, naonjezerapo anthu a ku Zanzibar ndi Amakua a ku Mozambique. Zinthu sizidayende monga ankaganizira. Mu December 1891 Maguire adaphedwa pa nyanja akulimbana ndi zombo za Makanjira. Mu February 1892 Jalasi adawathamangitsa pa phiri la Mangochi n'kuwalanda mzinga. Mafumu Achiyao amenewa sanali anthu oseweretsa. Anali ndi mfuti zambiri, onga ankaugula kunyanja yamchere, ndipo mapiri awo ankawadziwa ngati chikhatho chawo. Amwenye anali olimba mtima, koma anali ochepa, odula, ndipo malungo sankawasiya. Boma lidatembenukiranso kwa Atonga, ndipo pang'onopang'ono asilikali akuda adachuluka kuposa alendowo, Asiki n'kusanduka aphunzitsi awo a perete.

Chaka cha 1895 ndicho chidatembenuza zonse. Kawinga adagonja, Matapwiri adagonja, Jalasi adathawa pa phiri lake n'kusiya mzinga uja adalanda, Mponda adadzipereka, Makanjira adathawira kutsidya kwa Apwitikizi. Kenaka, mvula itayamba, asilikali pafupifupi 400 adakwera sitima kulunjika ku Karonga, ndipo mwa sitimazo inalipo ina yobwereka kwa Ajeremani, dzina lake Hermann von Wissmann. Mwa asilikali anayi alionse, atatu anali akuda.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene pali dzina la munthu wathu. M'masiku oyamba a December adazinga linga la Mlozi ku Mpata, mizinga ikulira usana ndi usiku, mvula ikukhuthuka, asilikali akugona m'matope. Anthu a Mlozi ataona kuti nyumba zikupsa, adatuluka mwaukali kuti adziboolere njira, koma adabwezedwa, ndipo asilikali adalowa nawo m'lingamo. Mkati adapeza mitembo ya Ankhonde amene Mlozi adawasunga ngati chikole. Koma mwini wake osaoneka. Adafunafuna mpaka kudada, ena n'kuyamba kunena kuti wathawa. Sajeni wina Wachitonga, dzina lake Bandawe, sadakhutire. Adalowanso m'nyumba ya Mlozi nakhala chete, kumvetsera. Adamva kunong'ona kuchokera pansi pa nthaka. Atafufuza adapeza khomo la chipinda chokumbidwa pansi pa nyumbayo, natsikiramo mumdima, nagonjetsa mlonda amene anali ndi mkondo, n'kutulutsa Mlozi ali wovulala. Kutacha, pa 4 December 1895, mafumu a Ankhonde adamuzenga mlandu pamaso pa Johnston, ndipo adapachikidwa tsiku lomwelo. Akapolo oposa 500 adamasulidwa.

Taganizani, adzukulu anga. Munthu amene adalepheretsa Lugard, amene adavutitsa Azungu zaka 8, adatulutsidwa m'dzenje ndi dzanja la Mtonga. Ndipo azimayi aja adatuluka m'linga la Mpata ana ali kumsana, sadafunse kuti mfuti yowamasulayo ndi ya yani. Zimenezi sindingazichepetse. Ife a ku Nkhotakota timadziwa bwino chimene goli linali, poti pa gombe lathuli ndi pamene a Jumbe ankakwezera anthu m'zombo kuwaolotsa nyanja, ulendo wa ku Kilwa wosabwerako. Amene adathyola goli adachita ntchito yabwino, ndipo ndidzanena choncho mpaka tsiku langa lomaliza.

Mu 1896 boma lidasonkhanitsa asilikali akudawa kukhala gulu limodzi lokhazikika, lotchedwa Central African Rifles, la makampani 6. Munali Atonga, munali Achewa a chigawo chino chimene Azungu ankachitcha Marimba, ndipo chodabwitsa n'chakuti munadzaza Ayao. Anyamata omwe aja dzulo lake ankaombera asilikali a boma ali pa mapiri a Jalasi ndi Kawinga, ndiwo adathamangira kukalembetsa, mpaka adadzakhala ochuluka kuposa mtundu wina uliwonse. Nanga akadatani? Malonda a kunyanja yamchere anali atatsekedwa, mafumu awo atathawa, ndipo ntchito imene manja awo ankaidziwa inali ya mfuti.

A Kopolo adalowa nthawi imeneyo. Ndidawafunsa tsiku lina kuti, "Agogo, adachita kukugwirani?" Adapukusa mutu. Adati palibe adawagwira, chidawagwira ndi msonkho. Kuyambira mu 1894 nyumba iliyonse inkayenera kupereka mashereni 3 pachaka, ndipo ndalama m'mudzi munalibe. Ukafuna ndalama, unkasankha pakati pa kusenza katundu wa Mzungu pamutu, kukalima khofi m'minda ya ku Blantyre, kapena kuvala khaki. Malipiro a msilikali a mwezi umodzi ankapitirira msonkho wa chaka chonse, phoso ankalandira, ndipo pobwera kumudzi ngakhale nyakwawa inkamupatsa mpando. Koma ankanenanso za mbali inayo: kuguba pa dzuwa mpaka m'maso kuchita mdima, Msiki akukuwa m'chinenero chosamveka, ndi chikoti cha chikopa cha mvuu chimene chinkagwa pamsana wa wolakwa anzake onse atafola kuonerera. Akafika pamenepa ankaimirira, ndodo paphewa, n'kutionetsa mmene ankatembenukira, fumbi kuti kobo, ife n'kumaomba m'manja.

Tsono apa ndi pamene nkhani imawawa, ndipo sindikubisirani. Mfuti ija idathyola goli siidapachikidwe pakhoma ukapolo utatha. Idatembenukira kwa anthu amene mlandu wawo unali wongokana msonkho ndi kukana kugwadira boma. Asilikali omwewo ndiwo ankatumidwa kukatentha nyumba za olephera kukhoma msonkho, ndi kukagwira akazi awo kuti amuna atuluke kumene abisala. Mwase Kasungu, linga lake litagwa kumapeto kwa 1895, adasankha kudzipha kusiyana ndi kugwidwa. Mu October 1896 asilikali adakwera ku Ntcheu kwa Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, amene ankakana kuti anthu ake azikhoma msonkho ndi kukagwira ntchito kwa Azungu. Adamugwira, ndipo Angoni amasimba mpaka lero kuti iye adakana kuyendetsedwa ngati kapolo. Adamuombera. Lamulo lidachoka pakamwa pa Mzungu, koma asilikali amene adazinga mudzi wake anali akuda.

Mu January 1898 idafika nthawi ya Mpezeni, kutsidya kwa malire, kumene lero kuli Chipata. Kumeneko nkhani siinali ya akapolo konse. Kampani ya North Charterland inkakhulupirira kuti m'dziko la Angoni muli golide, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, adaona kumene zinthu zikulowera nasonkhanitsa ankhondo. Asilikali adachokera kuno kwathu ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Angoni adabwera monga ankabwerera makolo awo, ndi zishango ndi nthungo, poyera, ndipo adagwa ngati mapira pa nthawi yokolola. Midzi idatenthedwa. Nsingo adagwidwa n'kuomberedwa mu February, Mpezeni wokalambayo adatengedwa ukaidi, ng'ombe zoposa 10,000 zidalandidwa, ndipo mwambo wa Nc'wala udazilala mpaka udadzautsidwanso mu 1980. Golide amene ankamufunayo sadapezeke monga ankayembekezera.

A Kopolo adaliko kumeneko. Za ulendo ankakamba, za njala ya panjira ankakamba, za fumbi la ng'ombe zolandidwa limene lidaphimba dzuwa ankakamba. Koma tsiku lina mbale wanga adawafunsa kuti, "Nanga inu mudapha angati?" Adamuyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenaka adatola mendulo ija, kuikulunga m'kansanza, kuibwezera m'kachitini, nalowa m'nyumba dzuwa likadali pamutu. Agogo aakazi adatikalipira kuti funso limenelo tisadzalibwerezenso, ndipo adatiuza kuti mlongo wawoyo akamva ng'oma ya Angoni kapena kuona munthu wovala nthenga kumutu, tsiku limenelo nsima sankadya.

Nkhondo za kuno zitatha, Azungu adaona kuti ali ndi asilikali abwino, otsika mtengo, ndipo adayamba kuwatumiza kunja. Mu 1899 adalemba gulu lachiwiri nalitumiza ku chilumba cha Mauritius kukalondera. Anthu a kumeneko sadawalandire. Ankawanyoza ndi kuwatonza ngati zinyama, mpaka anyamata athu adapsa mtima n'kubwezera, ndipo adawachotsako kumayambiriro kwa 1900 kupita nawo ku Somaliland, dziko la mchenga ndi ludzu. Chaka chomwecho kudabuka nkhondo ku Gold Coast, kumene lero ndi Ghana. Bwanamkubwa Frederick Hodgson adauza Aashanti kuti amupatse mpando wawo wagolide, umene kwa iwo ndi mzimu wa mtundu wonse, ndipo mayi wolimba mtima, Yaa Asantewaa, adadzutsa amuna kuti amenye nkhondo. Adazinga linga la Azungu ku Kumasi. Pa nthawiyo asilikali a ku Britain anali otanganidwa ndi nkhondo ya Mabunu ku South Africa, choncho adatenga akuda. Ena adanyamuka ku Zomba pamodzi ndi Asiki motsogozedwa ndi Alexander Cobbe, kutsika Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde, n'kukwera sitima yapanyanja yamchere. Ena adachokera ku Somaliland kuja.

Talingalirani mnyamata wa ku Chintheche kapena wa kwa Mponda, amene nyanja yaikulu imene ankaidziwa ndi yathuyi, ali m'nkhalango yowirira ya ku Ashanti, akuthyola malinga a mitengo monga adaphunzirira ku Mpata, akuombera anthu akuda anzake amene sadamulakwire kanthu, amene ankateteza mpando wa makolo awo. Adamenya nawo nkhondo yomaliza yaikulu ku Obassa pa 30 September 1900, ndipo akuluakulu awo adawatama kuti ndi olimba mtima. Mu 1901 ena adakamenyanso ku Gambia. Pa 1 January 1902 magulu awiri aja adasandulika bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri ya King's African Rifles, ija timaitcha Keyala. Ndipo mu April 1903, pa malo otchedwa Gumburu ku Somaliland, gulu la anyamata athu lidazingidwa mpaka zipolopolo zidawathera, ndipo ambiri adatsala komweko. Amayi awo kuno adalira maliro opanda mtembo.

John Chilembwe adaziona zonsezi. N'chifukwa chake nkhondo ya Ajeremani itayamba mu 1914 adalemba kalata yodandaula kuti amphawi a dziko lino akufera nkhondo zimene si zawo, n'kumasiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowasamala. Sankanena zongomva. Amasiye a ku Ashanti ndi ku Somaliland anali ali moyo, akuyenda m'midzi yomuzungulira.

Azungu adadziwa kusunga maina a anthu awo. Boma la Mangochi lidakhala zaka zambiri likutchedwa Fort Johnston, la Mchinji Fort Manning, ndipo malo amene adamangapo linga kwa Makanjira adawatcha Fort Maguire. Kampu ya asilikali ku Zomba ikutchedwabe ndi dzina la Cobbe. Koma mwa anyamata mazanamazana amene adasenza mfuti kuchokera ku Mpata mpaka ku Kumasi, amene maina awo amatchulidwa m'mabuku a mbiri mungawawerenge pa zala, ndipo Sajeni Bandawe ndi mmodzi wa owerengekawo. Enawo adangolembedwa kuti Atonga akutiakuti, Ayao akutiakuti, monga mmene amawerengera matumba a chimanga. Chimene adatisiyira chooneka ndi maso ndi kuguba kuja mumakuona m'magule a malipenga, mganda ndi beni, amene adakula ndi asilikali obwera pambuyo pawo.

Ine sindiwatcha ngwazi zokhazokha, pakuti nyumba zimene adatentha zinali za abale athu. Sindiwatchanso ogulitsa dziko, pakuti ndidaona mapazi a a Kopolo, ndipo ndikudziwa chimene chidawachotsa pakhomo pa amayi awo. Adathyola goli, adagwetsanso Gomani ndi Nsingo, ndipo zonse ziwirizi muziwauza ana anu, osachotsapo chimodzi.

Manda a a Kopolo ali kuseri kwa mkuyu uja wa kudambwe lakale, ndipo udzu wawaphimba. Mawa m'mawa mubwere ndi makasu tikalambule. Iwe wamkulu utengenso kope ndi cholembera, ndikakutchulire dzina lawo lenileni ndi mfunda wawo, ulembe.